Ndinaigwira kamera yomwe ndinkailota, chilakolako n'kuzilala: ndigulebe?

Funso

Ndine wojambula zithunzi pa maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Lilongwe. Ndimagwiritsa ntchito Nikon D750 yomwe ndinagula kwa munthu zaka 4 zapitazo. Kwa chaka chathunthu mtima wanga wakhala uli pa Sony A7 IV. Makanema a pa YouTube onena za kamerayi ndaonera osawerengeka, ndalama zina ndasunga, zotsalazo ndimati ndikongole ku banki m'khonde, ndipo alamu anga a ku Johannesburg anavomera kundigulira n'kutumiza. Loweruka lapitali ndinakumana pa ukwati ndi mnzanga wojambula kanema yemwe ali nayo, ndipo anandibwereka kwa mphindi 20. Chodabwitsa n'chakuti pomwe ndimaibweza, chilakolako chonse chija chinali chitazilala. Ndi yabwino ndithu, koma ndinangoona kuti ndi kamera basi. Kodi chinandichitikira n'chiyani? Ndigulebe kapena ndisiye?

Yankho

Achimwene, zikomo pondilembera momasuka chonchi. Ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi: palibe chomwe chalakwika ndi inu. Mtima suvala nsanza, kusirira chida chabwino si mlandu kwa munthu wokonda ntchito yake. Koma mphindi 20 zomwe munagwira kamera ija zakuphunzitsani zambiri kuposa chaka chonse chomwe mwakhala mukuonera makanema, ndipo mwachita mwayi kuti zachitika ndalama zikadali m'manja mwanu. Ambiri a ife timazindikira zimenezi katundu atafika kale, bokosi litang'ambidwa, ngongole itayamba kubereka.

Kamera yomwe mumangoionera m'makanema pa foni ilibe kulemera. Sitentha m'manja, batire lake silitha, ndipo simuiona ikuvutika kupeza nkhope ya mkwatibwi mu holo ya mdima. Zithunzi zomwe amakuonetsani anazijambula munthu yemwe anasankha yekha malo, nthawi ndi kuwala: dzuwa likulowa m'mbali mwa nyanja, kapena misewu ya Tokyo usiku mvula itangokata, ndi lenzi yomwe mwina mtengo wake ukufanana ndi wa kamera yomweyo, kenako anakhala pa kompyuta n'kuzikonzakonza. Munthu ukamaonera zimenezi usiku uliwonse, mtima umatenga zonsezi, kuwala, malo, luso la wojambulayo, ngakhale ulemu womwe anthu amamupatsa, n'kuzimanga mtolo umodzi, pamwamba pake n'kulembapo dzina la kamera. Ndiye Loweruka lija mutasuzumira mu A7 IV munaona chiyani? Holo yomwe ija, mipando ya pulasitiki yomwe ija, mababu ofooka omwe aja, ndi azakhali atatchinga kutsogolo ndi foni yawo. Mtolo unamasuka, m'manja mwanu munatsala chida chokha.

Akatswiri a za ubongo anaifufuza nkhani imeneyi. Kent Berridge wa pa yunivesite ya Michigan ku America wakhala akuonetsa kwa zaka zambiri kuti kufuna chinthu ndi kusangalala nacho zimayenda njira zosiyana mu ubongo. Kufuna kumayendetsedwa kwambiri ndi dopamine, mankhwala achilengedwe a mu ubongo, ndipo kumadzuka nthawi iliyonse yomwe waona chokukumbutsa za chinthucho, pomwe kukoma kwenikweni ukachipeza kuli ndi njira yakeyake. N'chifukwa chake munthu ungathe kufuna chinthu mpaka kusowa tulo, koma utachigwira osamva kukoma kolingana ndi njala yomwe unali nayo. Kanema aliyense yemwe munaonera ankasonkhezera moto wa kufuna. Mbali inayo, ya kumva ngati chinthucho chikukukomerani m'manja, inali isanafunsidwepo maganizo mpaka Loweruka lija.

Tisaiwale kuti motowu uli ndi ena ouponyera nkhuni. Bungwe la makampani opanga makamera la ku Japan, CIPA, limatulutsa ziwerengero chaka ndi chaka. Mu 2010 makampani ake anatumiza pa msika makamera a digito pafupifupi 121 miliyoni. Pofika 2023 chiwerengerocho chinali chitatsika mpaka kuchepera 8 miliyoni, makamaka chifukwa anthu wamba anayamba kujambula ndi mafoni. Ogula otsala ndi ife a ntchito ndi ena okonda zojambula kwambiri, anthu omwe tili nawo kale makamera. Ndiye kampani kuti ipulumuke iyenera kugulitsa kamera yodula kwa munthu yemwe ali kale ndi kamera yabwino. Sindikuwanena kuti ndi achinyengo, zomwe akupanga n'zabwino zedi. Koma ambiri opanga makanema owunika makamera amabwerekedwa kamerayo isanafike m'masitolo, ndipo amalandira kangachepe munthu akagula kudzera pa link yomwe ili pansi pa kanemayo. Palibe yemwe amadyerapo pokuuzani kuti D750 yanu ikukwanira.

Ine zinandichitikira ndi lenzi. Canon itatulutsa RF 28-70mm f/2 mu 2018, ndinaikonda ndisanaione. Ndinkawerengera kuti lenzi imodzi imeneyi ilowa m'malo mwa atatu omwe ndimanyamula m'chikwama. Patapita nthawi ndinapita ku Johannesburg pa ntchito ina, ndipo ndinalowa mu sitolo ya makamera ndalama zili m'thumba la mkati mwa jekete. Mnyamata wogulitsa anaitulutsa mu kabati ya galasi, anaimanga pa kamera n'kundipatsa ndi manja awiri. Kulemera kwake ndinkakudziwa kale pa pepala, magalamu 1,430, koma nambala sipweteka dzanja. Galasi lakutsogolo linali lotambalala ngati kukamwa kwa kapu yaikulu ya tiyi. Kamera inkangogwera kutsogolo, chala changa chaching'ono chikusowa pogwira, ndipo nditaikweza kumaso kangapo pamfundo ya dzanja panayamba kukoka. Ndinaima pomwepo n'kuyamba kuwerengera tsiku la ukwati: 6 koloko m'mawa komwe mkwatibwi akuvalira, kutchalitchi, kukajambulitsa pa kapinga dzuwa lili paliwombo, kenako ku holo, perekaniperekani mpaka madzulo, ukupyola pakati pa anthu ovina ndalama zili m'manja. Zithunzi zomwe ndinajambula mu sitolomo zinatuluka zokongola kwambiri, lenzi ija ilibe mlandu. Kungoti sinali ya dzanja langa ndi ntchito yanga. Ndinatuluka ndi mabatire awiri ndi lamba wabwino wa paphewa, ndipo lambayo ndikumugwiritsabe ntchito mpaka lero.

Tiyeni tione zomwe dzanja lanu linazindikira mutu usanawerengere. D750 inatuluka mu 2014 ndi ma megapixel 24 (timadontho mamiliyoni 24 topanga chithunzi), A7 IV inatuluka mu 2021 ndi 33. Pa pepala kusiyanaku kukuoneka kwakukulu, koma m'mbali yaitali chithunzi cha D750 chili ndi timadontho 6,016 pomwe cha A7 IV chili ndi 7,008. Kuti musindikize chithunzi cha A4 chakuthwa bwino, pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse), pamafunika ma megapixel osakwana 9. Nanga zithunzi zanu zambiri zimathera kuti? Pa WhatsApp pomwe zimafinyidwa, pa Facebook, mu alubamu, ndi chimodzi kapena ziwiri mu felemu ya pabalaza. Banja likamayang'ana felemuyo limaona ngati agogo anatuluka bwino, ngati mkwatibwi akumwetulira, ngati diresi loyera silinapse ndi kuwala.

Za kupepuka nazo sizili monga amanenera. A7 IV imalemera magalamu 658 ndi batire lomwe, D750 imapitirira pang'ono 800. Koma mukamangapo lenzi ya 24-70mm f/2.8, yomwe payokha imalemera kuyambira pafupifupi magalamu 700 mpaka 900, kusiyanako kumachepa, ndipo anthu ambiri a manja akuluakulu amaona kuti kamera yaing'ono yokhala ndi lenzi yaikulu imatopetsa zala. Pa batire, muyeso wa CIPA umati D750 imajambula zithunzi 1,230 pa batire limodzi, A7 IV pakati pa 520 ndi 580. Pa ntchito yeniyeni onse awiri amapitirira manambala amenewa, komabe kusiyana kulipo, ndipo kwa munthu wopita ku chinkhoswe cha kumudzi kopanda magetsi, kapena yemwe magetsi amuzimira usiku wa Lachisanu asanatchaje, si nkhani yaing'ono.

Ndiye pali mtengo. Ndalama zomwe mwakhala mukusunga ndi za thupi la kamera lokha lopanda lenzi, lomwe linatuluka pa madola pafupifupi 2,500. Malenzi anu a Nikon sakwana pa Sony. Ma adapter olumikizira malenziwo alipo, koma autofocus yake (kamera kudzipezera yokha poti pakhale pakuthwa) ine sindingaidalire pa ukwati, pomwe kuvekana mphete kumachitika kamodzi kokha. Fulashi yanu ya Nikon silankhulana bwino ndi Sony, mabatire ndi ena, chaja ndi china. Onjezerani msonkho wolowetsa katundu ndi mtengo wa dola, womwe tonse tikuudziwa chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ikadzavuta warranty isanathe, muyenera kuibwezera ku South Africa komwe inagulidwa, inu n'kukhala masabata mukubwereka ya anzanu. Mukati musunge D750 ngati kamera yachiwiri, ndiye kuti muzinyamula malenzi a mitundu iwiri, mabatire a mitundu iwiri, ndipo zala zizisintha chizolowezi pakati pa mwambo. Paja mapanga awiri avumbwitsa.

Komabe ndikhale wachilungamo, chifukwa nkhaniyi ili ndi mbali ina yomwe simuyenera kuidumpha. Si nthawi zonse pomwe kugwira chinthu kumaziziritsa mtima. Mu 2009 ofufuza awiri, Joann Peck ndi Suzanne Shu, anasindikiza kafukufuku woonetsa kuti kungokhudza chinthu kumamupangitsa munthu kumva ngati n'chake kale. Ogulitsa amadziwa bwino zimenezi. M'masitolo akuluakulu ngati Yodobashi Camera ku Tokyo kapena B&H ku New York makamera amawayala poyera kuti aliyense agwire, ndipo ngakhale wa kaunjika pa msika amakuponyera malaya m'manja kuti "yesani bwana". Nanga bwanji inu zinakutembenukirani? Mmene ine ndaonera, sitolo imakupatsa kamera pa malo owala bwino, popanda ntchito yokuthamangitsa, wogulitsa akukuyamikira. Inu munaigwira pakati pa ntchito, D750 ili paphewa linalo, mu kuwala komwe mumalimbana nako sabata ndi sabata. Munali ndi poyerekezera. Inenso mu sitolo muja chomwe chinandipulumutsa n'chakuti ndinaitenga lenzi ija m'maganizo n'kupita nayo ku holo.

Chinanso, mphindi 20 pa kamera ya mwini zingathe kuinamizira kamerayo. Mnzanuyo anaitchera kuti izijambula kanema, mabatani ali malo achilendo, menu simukuidziwa, ndipo dzanja lomwe lazolowera Nikon zaka 4 limaona chachilendo chilichonse ngati cholakwika. A7 IV ili ndi zinthu zenizeni zomwe D750 ilibe. Imatsata diso la munthu yokha. Imajambula kanema wakuthwa kwambiri wa 4K pomwe D750 imalekezera pa wotsikirapo wa 1080p. Ili ndi chochepetsa kugwedera m'kati mwa thupi momwemo, ukasuzumira umaoneratu ngati chithunzi chituluke chowala kapena chakuda, ndipo imatha kujambula mwakachetechete abusa ali pakati pa pemphero. Ine mirrorless yanga, kamera yopanda kalilole m'kati monga A7 IV, ndinagula pa chifukwa chimodzi. Nditabwereka ya mnzanga, ndinatsata kamtsikana konyamula maluwa kakuthamanga pakati pa mabenchi mu tchalitchi, ndipo kabokosi kakang'ono ka focus kooneka posuzumira kanakakamira pa diso lake osalisiya mpaka kanafika kwa amayi ake. Pa zithunzi za mtundu umenewo kamera yanga yakale inkanditayitsa zambiri. Tsiku limenelo kugwira kunanditsimikizira kuti ndigule, ndipo sindinanong'onezepo bondo. Kusiyana kwa tsikuli ndi la ku Johannesburg lija n'kwakuti apa ndinkatha kutchula vuto lomwe chidacho chikuthetsa.

Choncho musanaganize zogula kapena kusiya, tsegulani kompyuta muyang'ane maukwati atatu omaliza. Zomwe munapereka kwa eni ake zisiyeni, yang'anani zomwe munataya. Chilichonse chifunseni kuti chinafa ndi chiyani. Kodi focus inagwira khoma m'malo mwa nkhope? Kodi chinagwedera chifukwa cha mdima? Kapena munachedwa kudina, munaima mbali yolakwika, munthu anaphethira? Lembani pa pepala, muwerenge. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndipo imapweteka mtima pang'ono, koma palibe kanema wa pa YouTube yemwe angakuchitireni. Ngati zambiri zinafa ndi focus, makamaka anthu akuyenda kapena kuvina, ndiye kuti kamera yatsopano ikuthandizanidi. Ngati zinafa ndi mdima, fulashi yabwino yoikidwa pambali, ndi ambulera kapena softbox zofewetsera kuwala, ichita zambiri pa mtengo wochepa kwambiri. Ngati zinafa ndi nthawi komanso poima, zimenezo mudzasamuka nazo kupita pa kamera iliyonse.

Mukatero, bwererani kwa mnzanu uja. Mumulipire ndithu, akubwerekeni tsiku lathunthu pa ntchito yaing'ono yomwe simungachite nayo manyazi, monga phwando la kubadwa kapena chinkhoswe cha wachibale, D750 ili pambali kuti izigwira zofunika. Usiku wake khalani nayo muitchere mmene inu mumajambulira. Ikani khadi lanu losungira zithunzi, jambulani RAW (fayilo yosakonzedwa ndi kamera), ndipo zinthu zina muzijambule ndi makamera onse awiri muli pamalo amodzi. Yesani kujambula mwakachetechete pansi pa mababu a LED a mu holo. Magetsi athu ndi a 50 Hz, mababu ena amaphethira mofulumira moti diso siliona, ndipo shutter ya electronic, yomwe ndiyo imajambula mwakachetechete, imatha kutulutsa mizeremizere pa chithunzi. Ndi bwino muione mizereyo pa phwando la mwana kusiyana n'kudzaipeza pa diresi la mkwatibwi. Ngati mumavala mandala, onani ngati mukutha kuona ngodya zonse zinayi posuzumira. Sinthani lenzi panja, pa fumbi, muone mmene sensa, kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera, imakhalira pamtetete. Madzulo mverani phewa ndi zala zanu.

Kunyumba sakanizani zithunzi za makamera awiriwo mu foda imodzi, muwaitane akunyumba kapena kasitomala wanu wakale asankhe zomwe zawasangalatsa, osawauza kuti ichi n'cha kamera iti. Inunso yesani kuloza osayang'ana dzina la fayilo. Kenako pakhale masabata awiri osaonera kanema aliyense wa makamera. Chilakolako chochokera ku ntchito chimakhalapobe ngakhale osachithirira, chifukwa Loweruka lililonse vuto lomwe lija limakukumbutsa. Chochokera pa foni chimafota chokha.

Anzathu a kunja ali ndi malo ochitira zimenezi. Ku Cologne ku Germany kunkachitika chionetsero chachikulu cha Photokina kuyambira 1950 mpaka chomaliza mu 2018, ndipo ku Yokohama ku Japan kukuchitikabe cha CP+, komwe anthu amaima pa mzere kuti agwire kamera yatsopano kwa mphindi zochepa. Kuno kwathu sitolo yomwe ungalowe n'kupeza makamera atsopano atayalidwa kuti uyese ndi yosowa, ndiye ambiri timagula ndi maso okha, n'kumudalira wachibale wa ku Joni kapena wa ku Britain kuti atumize. N'chifukwa chake chilakolako cha pa foni chimatigwira kwambiri, sichikumana ndi chochitsutsa. Chionetsero chathu ndi pa ukwati, pa msonkhano wa atolankhani, m'mbali mwa bwalo la mpira, paliponse pomwe ojambula timakumana. Ndimalakalaka tikanazolowera kubwerekana zida mwaulemu pa malo otere, chifukwa wina akakugwiritsa kamera yake kwa mphindi zochepa angakupulumutse ku ngongole ya chaka.

Mwandifunsa mwachindunji, ndiye ndiyankhe mwachindunji: pakadali pano musakongole. Ngongole ya banki m'khonde imafuna kubweza mwezi ndi mwezi, pomwe maukwati amachepa nyengo ya mvula, ndipo palibe kasitomala yemwe angakuwonjezereni ndalama chifukwa dzina la pa kamera lasintha. Zingasinthe ngati makasitomala ayamba kukufunsani kanema ndipo ali okonzeka kulipira, chifukwa apo D750 yatsaliradi m'mbuyo. Ngakhale pamenepo yang'anani kaye ku Nikon komweko. Z6 II ya 2020 kapena Z6 III ya 2024 zimalandira malenzi anu kudzera pa adapter ya FTZ, ndipo malenzi a mtundu wa AF-S amagwira autofocus bwinobwino, ngakhale akale a AF-D muyenera kuwapotokola ndi dzanja. Fulashi yanu nayo ipitiriza kugwira ntchito. Koma nazonso mukazigwire kaye musanatumize ndalama.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri pa kalata yanu n'china: mwatchula kamera imodzi yokha. Nikon inayesa shutter ya D750, kachitseko kotseguka ndi kutseka mukadina, kufika pa kudina 150,000, ndipo yanu munaigula kwa munthu n'kuigwiritsa ntchito pa maukwati zaka 4. Zambiri zimapitirira nambala imeneyo, koma tsiku lomwe idzaime silidzakuchenjezani. Tengani chithunzi chimodzi chosakonza, chochokera mu kamera mwachindunji, muchiike pa tsamba la intaneti lowerenga shutter count, nambala ya kudina konse komwe kamera yachita, chifukwa Nikon imalemba nambalayo m'kati mwa fayilo. Ngati mwayandikira kapena mwapitirira, ndalama zomwe mwasunga zipite kaye ku thupi lachiwiri lomwe likulandira malenzi anu, ngakhale D750 ina yogwiritsidwapo kale ntchito, ndi hard drive yachiwiri yosungira zithunzi za anthu.

Alamu anu muwauze adikire kaye. Mukawerenga zithunzi zotayika zija, ndilembereninso manambala ake pamodzi ndi shutter count ndi mndandanda wa malenzi omwe muli nawo, tidzaone limodzi ngati ndalamazo zikufunika pa thupi la kamera, pa lenzi kapena pa fulashi.